Kukonza kanema wa kusukulu wokhudza kwanu, mavuto a anthu ndi zauzimu

Ophunzira a zaluso ndi zofalitsa nkhani ku University of Malawi ku Zomba, ku MUBAS ku Blantyre, ku MUST ku Thyolo ndi m'masukulu ena amafika pa nthawi yoti akonze ntchito yawoyawo, kaya ndi kanema wamfupi, pulogalamu ya pa wailesi kapena zithunzi zofotokoza nkhani imodzi. Ambiri akafunsidwa mutu umene asankha amati akufuna kuonetsa chikhalidwe chathu, mavuto a achinyamata, kapena kusiyana kwa chipembedzo cha makolo ndi cha masiku ano. Zimenezi n'zomveka, chifukwa munthu wa zaka 20 amene wachoka kwawo koyamba n'kukakhala chipinda chimodzi ndi mnzake wa mtundu wina ndi mpingo wina amayamba kudzifunsa za kumene anachokera. Pa zimene ndaona pothandiza ophunzira otere, ntchito zambiri zimafa wophunzirayo asanafike n'komwe pa kompyuta, chifukwa anayatsa kamera asanadziwe funso lake ndiponso asanamvane ndi eni nkhani. Malangizo otsatirawa ndi a kanema wa mphindi 8 mpaka 12 wojambulidwa ndi foni, koma ambiri mwa iwo angathandizenso amene akukonza za pa wailesi.

Chepetsani mutu mpaka usanduke funso

Mutu wakuti "chikhalidwe cha Achewa" sungakwane m'mphindi 10, ndipo amene amaukakamira amangotola gule pang'ono, nsima pang'ono, ukwati pang'ono, mapeto ake n'kukhala ngati pusi wa ichi chakoma ichi chakoma uja. Lembani pa pepala funso limodzi limene inuyo simukudziwa yankho lake, ndipo onetsetsani kuti pali munthu wamoyo amene angakuyankheni, woti mungamufikire ndi ndalama ya minibasi imene muli nayo.

Mafunso abwino nthawi zambiri amakhala m'nyumba mwanu momwe. Mlomwe wa ku Thyolo kapena ku Mulanje angafunse chifukwa chake agogo ake amayankhula Chilomwe koma amayi ake sanaphunzitsidwe, ndipo funso limeneli lidzamufikitsa lokha ku nkhani ya anthu amene anachoka ku Mozambique n'kudzagwira ntchito m'minda ya azungu, komanso ku chikondwerero cha Mulhako wa Alhomwe chimene chimachitika kwa Chonde mwezi wa Okutobala. Mngoni wa ku Mzimba angafunse tanthauzo la mawu a nyimbo za ingoma zimene amaimba osazimva, popeza Chingoni chinazilala ngakhale kuti mbiri ya kuwoloka Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba ikukumbukiridwabe. Wina agogo ake aamuna anapita ku Joni pa Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za m'migodi, osabwereranso, n'kusanduka mchona. Angafunse agogo aakazi kuti anadikira zaka zingati asanataye mtima, ndipo ngati anamva za ndege yonyamula anthu a m'migodi imene inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, mu 1974. Winanso amadabwa kuti munda ndi mudzi ndi za kwa amayi ake, amene amamuweruza ndi atsibweni, koma dzina la pa chitupa ndi la bambo. Limeneli ndi funso lokwanira kanema wathunthu.

Pa zauzimu, malo olemera kwambiri ndi pamene zikhulupiriro ziwiri zakumana pa khomo limodzi: mayi wa Chigwirizano amene mlongo wake ndi wa ku dambwe, mnyamata wa kwaya amene amayi ake amavina vimbuza, kapena banja limene mwana analowa Chisilamu makolo ali Akatolika. Mukapeza funso lanu, liuzeni mnzanu wogona naye chipinda m'chiganizo chimodzi. Akakufunsani kuti "ndiye zinatha bwanji?", mwapeza nkhani, akangogwedeza mutu mwaulemu, bwererani pa pepala.

Musananyamuke, werengani ndi kumvetsera zimene ena anasonkhanitsa kale. Ku Zomba kuli National Archives of Malawi. Ku Mua, m'boma la Dedza, kuli malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, ndipo m'nyumba yosungira mbiri ya Chamare muli nkhope za Gule Wamkulu mazanamazana pamodzi ndi zofotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Zojambula za pa miyala za ku Chongoni, zimene zili pa malo 127 ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006, zimakhudzanso chinamwali ndi Nyau. Masiku awiri okonzekera motere amakupulumutsani ku manyazi ofunsa munthu wamkulu zinthu zimene mwana aliyense wa m'mudzimo akudziwa.

Chilolezo

Gawo limeneli ndi limene ophunzira amalithamangira, koma ndi limene limadya nthawi yochuluka kuposa kujambula kwenikweniko. Yambani ndi kalata ya kusukulu yosainidwa ndi mphunzitsi wokuyang'anirani, yonena dzina lanu, cholinga cha ntchito ndi kumene kanemayo adzaonetsedwe. Kumudzi pitani kaye kwa nyakwawa, ndipo ngati nkhaniyo ikukhudza midzi ingapo, iwo ndi amene adzakuperekezeni kwa agulupu kapena kwa mfumu yaikulu. Musadumphe wamng'ono n'kuyambira pamwamba poganiza kuti mwafupikitsa njira, chifukwa mudzabwera ndi chilolezo cha pamwamba n'kupeza anthu a pansi atatseka pakamwa. Ngakhale kwanu kwenikweni tsatirani njira yomweyo, pakuti mwana wa m'mudzi akabwera ndi kamera amakhala wasanduka mlendo pang'ono. Ku tchalitchi onanani ndi abusa kapena ansembe pamodzi ndi akulu a mpingo, ku mzikiti onanani ndi shehe, ndipo funsani mwachindunji mbali za mapemphero zimene siziyenera kujambulidwa, malo amene mungaime, ndi kavalidwe koyenera. Ulendo woyambawu pitani foni ili m'thumba.

Chilolezo cha mfumu kapena cha abusa chimangotsegula khomo. Munthu aliyense amene adzaoneke kapena kumveka ayenera kuvomera payekha. Anthu ambiri akumudzi amachita mantha ndi kusaina mapepala, ndipo ali ndi zifukwa zake, choncho ngati sukulu yanu ikulola, jambulani chilolezocho ndi mawu: munthuyo atchule dzina lake, anene kuti wamva cholinga, ndi kuti akulola kanemayo aonetsedwe malo akutiakuti. Apa muyenera kunena zoona zonse. Kuonetsa m'kalasi mwa anthu 30 n'kosiyana ndi kuika pa YouTube kapena pa Facebook, ndipo chinthu chikangolowa m'magulu a WhatsApp palibe amene angachibweze. Tulutsani foni yanu, muwaonetse agogowo kanema wina aliyense wa pa intaneti, muwauze kuti mdzukulu wawo wa ku Johannesburg, abusa awo ndiponso mdani wawo wa tsidya lina onse angathe kuwaona chomwecho. Ena akamva zimenezi amalola kuti mawu awo amveke koma nkhope isaoneke, ndipo umenewo ndi ufulu wawo. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, kotero pa ana onse pamafunika chilolezo cha kholo kapena womulera, kuwonjezera pa kuvomera kwa mwanayo.

Gule Wamkulu ali ndi malamulo akeake. UNESCO inamulengeza kuti ndi chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi mu 2005, chaka chomwenso inalengeza vimbuza, ndipo amavinidwa poyera pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia mwezi wa Ogasiti, pamene Achewa a m'Malawi, Zambia ndi Mozambique amakapereka ulemu kwa mfumu yawo yaikulu, Kalonga Gawa Undi. Kutchuka kumeneku kumanamiza ophunzira ena kuti zonse za gule ndi za aliyense. Chimene mungajambule ndi cha pabwalo, mutagwirizana ndi mfumu mwini mzinda ndi atsabwalo. Ku dambwe ndi ku liunde, malo obisika kumene gule amakonzekera, si kwa kamera, ndipo musayese n'komwe kuzembera chapatali. Musafunse kuti amene akuvinayo ndani, chifukwa pabwalo pamabwera zilombo. Imani pamene akuuzani kuti muime, musadutse pakati pa oimba ng'oma ndi chilombo, ndipo supani monga ena onse akusupira. Ngati inuyo munagula njira, katundu wanu ndi wolemera koposa, popeza mukudziwa zinthu zimene zingakometse kanema wanu pamaso pa aphunzitsi koma si zanu zoti muulule. Chimodzimodzi chilangizo cha anamkungwi ku chinamwali, za ku jando ndi ku nsondo, komanso za ku kachisi wa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje: eni ake akanena kuti apa ayi, kanema wanu azungulire pamenepo, ndipo nthawi zina kunena poyera kuti "apa sindinaloledwe kulowa" kumaphunzitsa woonera zambiri kuposa chithunzi chobedwa.

Za ndalama kambiranani musanayambe. Kunyamula shuga, sopo kapena mchere pokaona anthu aakulu ndi mwambo, ndipo kubwezera munthu ndalama ya ulendo kapena ya tsiku limene wasiya ganyu ndi chilungamo. Kulipira yankho lililonse ndiye kolakwika, chifukwa munthu wolipidwa amayamba kukuuzani zimene akuganiza kuti mukufuna kumva.

Tsiku lojambula

Mawu ndi ofunika kuposa chithunzi, pakuti anthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino koma amasiya kanema amene sakumveka. Wophunzira wina amene ndinkamuthandiza anajambula agogo ake kwa mphindi 40 m'nyumba ya malata mwezi wa Januwale. Agogowo anafotokoza bwino za imfa ya mwana wawo woyamba, mpaka anaimba nyimbo imene inaimbidwa pa malirowo. Mvula inayamba chapakati, koma mtsikanayo anapitiriza chifukwa kuwala kolowera pakhomo kunkawakhala bwino agogowo. Titamvetsera pa kompyuta, milomo inkaoneka ikuyenda koma chomveka chinali chiphokoso cha madontho pa malata basi. Anabwererako pa tchuthi chotsatira, agogowo n'kuifotokozanso nkhaniyo mwachidule m'mphindi 5, ndipo nyimbo ija anakana kuibwereza.

Choncho gulani kapena bwerekani maikolofoni yaing'ono yopanira pa malaya, muiike pa chifuwa pa mtunda wa chikhatho chimodzi kuchokera pa chibwano, mujambule pang'ono, kenako mumvetsere ndi zomvera za m'makutu musanayambe mafunso enieni. Imani chete kwa kanthawi mumve za pamalopo: chigayo, njinga zamoto za kabaza, wailesi ya oyandikana nawo, tambala, ana osewera. Chimene mungapemphe kuti chizimitsidwe pemphani, chimene simungathe chithaweni. Mukamaliza kucheza, jambulani mphindi imodzi ya phokoso la malowo popanda woyankhula, chifukwa idzakuthandizani kutseka mipata polumikiza.

Foni igoneke chopingasa, muzimitse netiweki kuti wina asakuimbireni pakati pa nkhani, ndipo mupukute galasi la kamera. Pa makonzedwe a kamera sankhani 1080p, mlingo wa kaonekedwe ka chithunzi, ndipo ngati foni ikulola, zithunzi 25 pa sekondi, popeza magetsi athu ndi a 50 Hz ndipo mababu ena amaphethira m'kanema mukasankha 30. Musakoke chithunzi ndi zala, sunthani inuyo. Nyamulani power bank yodzaza ndipo fufutiranitu zosafunika, chifukwa ola limodzi la kanema wotere limadya ma GB angapo. Jambulani m'mawa kapena chakumadzulo, pa khonde kapena pansi pa mtengo, ndipo musamuike munthu kumbuyo kwake kuli thambo loyera kapena khoma lowala, chifukwa foni idzatsata kuwalako nkhope n'kuda bii. Dinani pa nkhope pa sikirini ndi kugwiritsa chala mpaka foni itakhoma kuwala pamenepo.

Kakhalidwe kanu kamaonekanso m'chithunzi. Ngati agogo akhala pa mkeka, foni itsike ifanane ndi maso awo. Mtondo wovundikira kapena njerwa zosanjikiza zimagwira ntchito ya miyendo ya kamera. Kujambula munthu wamkulu mutamuimirira n'kupanda ulemu, ndipo woonera amazindikira ngakhale sangathe kunena chimene chalakwika. Mukatha kucheza, jambulani manja akusenda chinangwa, Baibulo lakutha pa tebulo, chithunzi cha pa khoma, njira yopita ku chitsime, chilichonse kwa masekondi osachepera 10 foni isakugwedezeka.

Funso lakuti "mumakhulupirira chiyani?" limabweretsa yankho la katekisimu. Funsani za tsiku, malo ndi zochita: munali kuti pamene matendawa anayamba, ndani anakuperekezani kwa sing'anga, munavala chiyani, abusa ananena chiyani Lamulungu lotsatira. Chikhulupiriro chimatulukira chokha m'nkhani zoterezi. Aliyense ayankhule chiyankhulo chimene amalotera, kaya ndi Chiyao, Chitumbuka, Chisena kapena Chitonga, ndipo ngati simuchimva bwino, tengani womasulira amene woyankhulayo amamukhulupirira. Pali vuto lina limene ndi lathulathu: kwathu kuno womvera amayenera kuvomera, ndipo munthu wamkulu akamayankhula inu muli duu amaona ngati mwanyoza. Koma "eya", "zoona agogo" ndi "inde wawa" zikalowa pamwamba pa mawu awo sizichotseka. Auzeniretu kuti muzivomera ndi mutu ndi maso chifukwa cha makinawa. Akamaliza kuyankha, werengani chamumtima mpaka 5 musanafunse china, pakuti mawu olemera amakonda kubwera pambuyo pa kachetechete ameneyu.

Nkhani zimene zingavulaze munthu

Mukamajambula za ukwati wa ana, nkhanza za m'banja, matenda, anthu achialubino kapena anthu amene anataya abale ndi nyumba pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, dzifunseni chimene chidzamuchitikire munthuyo inu mutabwerera ku sukulu. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo m'dziko muno okalamba aphedwapo chifukwa cha mphekesera zoterezi, choncho mawu a wina otchula mnzake ufiti asalowe m'kanema wanu ngakhale atawanena molimba mtima chotani. Lamulo la za HIV ndi Edzi la 2018 limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo mayi akakuuzani za mwamuna wake, chilolezo cha mayiyo sichikwanira kuti muulule za mwamunayo. Pa anthu achialubino musaonetse nyumba, njira kapena chikwangwani cha sukulu chimene chingalondolere wachiwembu, ndipo ndi bwino kudzera ku bungwe lawo la APAM. Kubisa nkhope kokha sikukwanira m'mudzi umene aliyense amadziwa chitenje, mawu ndi khonde la mnzake. Sinthani malo, jambulani manja okha, kapena wina awerenge mawuwo, ndipo muuze woonera kuti mwatero.

Ndimadandaulanso ndi makanema amene munthu wovutika amangoonetsedwa akulira, nyimbo yachisoni ikulira pansi. Mufunseni zimene wachita pofuna kudzithandiza, amene anamuthandiza ndi amene anamukana, chifukwa pamenepo ndi pamene vuto la dera limaonekera bwino.

Kusanja ndi kulumikiza

Tsiku lomwelo koperani zonse malo atatu: pa kompyuta, pa fulashi kapena memori khadi, ndi pa intaneti mukapeza netiweki ya kusukulu. Kenako lembani mawu onse a ocheza nawo pamodzi ndi mphindi imene ananenedwa. Ntchitoyi ndi yotopetsa, ola limodzi la zojambula limatha kukudyerani maola 4 kapena kuposa, koma ndi imene imakulolani kusanja nkhani pa pepala ndi cholembera musanatsegule pulogalamu yolumikizira kanema. CapCut imakwanira pa foni, DaVinci Resolve ndi Shotcut zimapezeka zaulere pa kompyuta, ndipo Audacity imathandiza pa mawu. Chilichonse chosayankha funso lanu lija chichoke, ngakhale chikhale chokongola.

Podula, musalumikize theka la chiganizo ndi theka lina kuti munthu anene zimene sananene. Samalaninso ndi nyimbo: kuika kaphokoso koopsa pansi pa sing'anga kenako nyimbo yofewa pansi pa abusa ndi kuweruza mlandu mobisa. Ngati muli ndi maganizo anu, anene ndi pakamwa panu, chifukwa kanema wofufuza za kwanu amalola kuti mawu anu amveke, bola akhale ochepa ndi oona, monga kuvomera kuti munakula mukuopa gule kapena kuti munkachita manyazi ndi chiyankhulo cha agogo anu. Nyimbo za oimba ena zili ndi eni ake pansi pa lamulo la 2016 loteteza eni luso, ndipo za chilolezo mungafunse ku COSOMA, bungwe loona za ufulu wa eni luso; chapafupi n'kupempha mnzanu woimba kuti akupekereni kanyimbo, kapena kugwiritsa ntchito kuimba kumene munajambula nokha eni ake atalola.

Mawu omasulira a pansi pa chithunzi asapitirire mizere iwiri, ndipo akhale nthawi yokwanira kuti munthu awawerenge mosathamanga. Pomasulira m'Chingerezi m'pamene ophunzira ambiri amachimwira eni nkhani osadziwa: mizimu ya makolo imasanduka ziwanda, sing'anga amapatsidwa dzina lokhala ndi ufiti m'kati, nsembe imamveka ngati matsenga. Mawu ngati dambwe, vimbuza, nkhoswe ndi mbumba asiyeni momwe alili, muwafotokoze kamodzi pamene ayamba kumveka.

Oyamba kuonera

Musanapereke kwa aphunzitsi ndiponso musanaike pa intaneti, bwererani kwa amene munawajambula. Ndalama ya ulendo umenewu ipatuleni pa chiyambi pomwe, chifukwa kumapeto kwa teremu thumba limakhala litauma. Aonetseni pa laputopu kapena pa foni pamalo achete, ndipo ngati nkhani ndi yachinsinsi, munthu aliyense aone payekha anthu ena asanasonkhane. Yang'anani nkhope zawo kuposa sikirini. Akakonza dzina la mudzi kapena la mfumu, konzani. Akapempha kuti chiganizo china chichoke chifukwa chidzawayambanitsa ndi apongozi kapena ndi mpingo, chotsani, ngakhale chikhale chimene munkachinyadira. Akangofuna kuti muwakometse pobisa mbali ya anzawo otsutsana nawo, fotokozani mwaulemu chifukwa chake mbali zonse ziyenera kumveka, ndipo mukalephera kumvana, mphunzitsi wanu athandize.

Ngati mukufuna kuonetsa kanemayo ku gulu kunja kwa kalasi, funsani kusukulu za Censorship Board, imene pansi pa lamulo la 1968 imaunika makanema oonetsedwa poyera. Kumapeto kwa kanema lembani mayina a amene analola kutchulidwa, kuyambira mfumu mpaka amene anakugwirirani foni, m'kalembedwe kamene eni ake avomereza. Asiyireni kope lawo pa memori khadi imene ingalowe m'foni ya m'nyumbamo, ndipo ngati ndi agogo anu, muikemonso macheza onse osadula.